CINSINSI CA WODWALA M'MASIKU A KOMPYUTA

Nkhani ya pa wailesi, ya omvera a ku migodi ndi a m'matauni

Pali mau ena amene munthu sauza mbale wace wa bere limodzi, ngakhale bwenzi lace lodya naye m'mbale imodzi, koma akalowa m'kacipinda ka dotolo awanena onse. Mwamuna wamphamvu wogwira nchito pansi pa mgodi aulula kuti usiku atuluka thukuta ndi kutsokomola magazi. Mai aulula za mimba imene inapita padera. Mnyamata aulula za nthenda imene anaitenga m'njira zobisika. Onsewa anena cifukwa akhulupirira kuti mau ao athera m'kacipinda momwemo. Popanda cikhulupiriro cimeneci dotolo sangacize munthu, pakuti dotolo saombeza ula. Nthenda aidziwa ndi zimene wodwala amuuza, ndi zimene aona pomupima.

Mwambo wosunga cinsinsi ca wodwala ngwakale ndithu. Lumbiro la asing'anga a ku Greece, lochedwa ndi dzina la Hippocrates, lakhala zaka zoposa 2,000, ndipo mwa zina liletsa sing'anga kuulula zimene waona kapena kumva pociza. Kumudzi nako azamba adziwa kuti za m'cikuta sizikambidwa pabwalo. Koma masiku ano kwadza cinthu cacilendo. Mau a wodwala salembedwa papepala pokha iai. Alembedwanso m'kompyuta, nayenda pa intaneti kucokera cipatala cina kunka ku cina. Tsono funso ndi ili: ndani ayenera kuwerenga mau amenewo, ndipo ndani ali kuwalonda?

MASIKU A MAPEPALA

Akulu akumbukira bwino makhadi a ku cipatala, ndi timabuku ta sukulu todula pakati m'mene dotolo anali kulembamo nthenda ndi mankhwala. Mapepala amenewo anali ndi mabvuto ambiri. Ena anali kutayika posamuka, ena kunyowa ndi mvula, ena kudyedwa ndi ciswe. Wodwala anali kukhala pamzere dzuwa lonse, kalaliki ali kufunafuna faelo yace m'mulu wa mafaelo. Wanchito akacoka ku Luanshya kunka ku Solwezi anali kuyamba ngati mlendo, ndipo dotolo watsopano sanali kudziwa kuti munthuyu anatupapo thupi lonse ndi jekiseni wakuti. Wobvulala pangozi, wofika ali cikomokere, analibe womnenera.

Komabe pepala linali ndi ubwino umodzi, ndiwo kulemera kwace. Mbala yofuna kuba cinsinsi inayenera kudza ndi miyendo yace, kuthyola citseko, ndi kusenza zimene manja ace akhoza kusenza. M'mawa anthu anali kuona kuti pabedwa, cifukwa pamalo pa mafaelo panali poyera. Za m'kompyuta nzosiyana. Mbiri za odwala a cigawo conse zikhoza kulowa m'kanthu kocepa ngati cala. Mbala yace ikhoza kukhala kutsidya kwa nyanja, ndipo ikaba sicotsa kanthu; ingotenga cifaniziro, zenizeni nizitsala pomwepo. Conco eni ace akhoza kutha miyezi ngakhale zaka osadziwa kuti nkhokwe yao inabooledwa.

BUKU LOYENDA NDI MWINI WACE

M'Zambia muno nchito yolemba odwala m'kompyuta inakula pamodzi ndi nkhondo yolimbana ndi Edzi. Ca m'ma 2004 ndi 2005, pamene mankhwala a ARV anayamba kuperekedwa kwaulere m'zipatala za Boma, odwala anacuruka kwambiri. Mankhwala amenewa ngomwa moyo wonse, ndipo dotolo ayenera kudziwa mtundu umene munthu ali kumwa, tsiku limene analandira, ndi zimene magazi ace aonetsa. Cifukwa ca ici Unduna wa Zaumoyo, mothandizana ndi bungwe la CDC la ku America, unakonza njira yochedwa SmartCare. Poyamba wodwala anali kupatsidwa khadi yokhala ndi kacitsulo kosunga mbiri yace, kuti akafika pa cipatala cina aiike m'makina, dotolo nawerenga. Pambuyo pace panadza mtundu watsopano, SmartCare Pro, umene ulumikiza zipatala pa intaneti ndi kusunga mbiri za odwala pamodzi.

Phindu lace liri poyera. Munthu wa ku Chipata wodwalira ku Kitwe sayambanso kufotokoza zonse. Mai wapakati amene wanka kukacirira kwa amace apeza kuti anamwino a kumeneko adziwa kale za sikelo yace. Unduna ukhoza kuwerenga mankhwala amene atha pa cipatala ciri conse, ndi kuona boma limene malungo akula. Palibe munthu wanzeru angafune kubwerera ku mulu wa mapepala. Koma njira yomweyo imene ifikitsa mbiri kwa dotolo wa kutali ikhoza kuifikitsanso kwa munthu wosayenera, ngati zipata zace sizilondedwa. Maiko ena alawa kale zowawa zace, ndipo zimene zinawagwera ziphunzitsa bwino.

MBALA ZA KUTALI

Ku Finland, dziko la kumpoto kwa Ulaya, kunali kampani yochedwa Vastaamo, imene inali kuthandiza anthu obvutika maganizo. Kumeneko anthu anali kuulula za m'kati mwa mtima: za maukwati ao, za nkhanza zimene anacitidwa ali ana, za maganizo ofuna kudzipha. Zonsezo zinalembedwa m'kompyuta yosatsekedwa bwino. M'caka ca 2020 kunadziwika kuti mbala inatenga mbiri za anthu okwana ngati 33,000. Poyamba inauza kampani kuti ilipire ndalama zambiri. Kampani itapanda kulipira, mbalayo inalembera odwala mmodzi-mmodzi, niuza ali yense kuti apereke ma euro 200, ndipo akacedwa 500, apo ai zinsinsi zace ziikidwa poyera. Zambiri zinaikidwadi pa intaneti. Kampaniyo inagwa m'caka ca 2021, ndipo m'caka ca 2024 khoti linapatsa wakubayo zaka zoposa 6 m'ndende. Koma cilango cace sicinabweze cinsinsi ca munthu ndi mmodzi yemwe. Akulu anati madzi akatayika saoleka.

Ku Australia, m'caka ca 2022, mbala zinalowa m'makompyuta a Medibank, kampani ya inshuwalansi yolipirira anthu ku cipatala, nizitenga mbiri za anthu 9,700,000. Zinalowa ndi mau acinsinsi otsegulira amene zinaba kwa wanchito mmodzi yekha. Kampani itakana kulipira, mbalazo zinasankha dala maina a akazi amene anacotsa mimba, ndi a anthu amene anacizidwa ucidakwa, nizifalitsa amenewo, podziwa kuti ndipo pali manyazi.

Pali mbala zinanso zimene zimanga makompyuta a cipatala kuti asagwire nchito kufikira zitalandira dipo. Izi zinacitika ku South Africa m'mwezi wa June 2024, pa National Health Laboratory Service, bungwe lopima magazi ndi makhololo a odwala a m'zipatala za Boma. Kwa masabata angapo zotsatira zinali kucedwa kufika, ndipo zofulumira zinali kunenedwa pa lamya kapena kulembedwa pamanja. Apa paoneka kuti kulonda makompyuta a cipatala ndi mbali ya kuciza komwe, monga kuphika zitsulo za opaleshoni.

KHOSWE WA PAMKHATE

Mbala za kutali zimveka kwambiri m'manyuzipepala, koma kawirikawiri cinsinsi cituluka ndi munthu wa m'nyumba, amene ali ndi mfungulo mwa cilolezo. Ku Singapore, m'mwezi wa January 2019, Unduna wa Zaumoyo unalengeza kuti maina a anthu 14,200 okhala ndi kacirombo ka HIV afalitsidwa pa intaneti, pamodzi ndi manambala a zitupa zao, manambala a lamya ndi kumene akhala. Palibe anathyola citseko. Wofalitsayo anali kukhala nyumba imodzi ndi dotolo amene, mwa udindo wace, anali ndi ufulu wotsegula kaundula wa odwalawo.

Mlandu wina wa ku Finland womwe uonetsa mankhwala a bvuto limeneli. Namwino wina anali kugwira nchito pa cipatala ca Boma, ndipo pa cipatala comweco anali kulandira cithandizo cifukwa ca HIV. Anayamba kuzindikira kuti anzace a pa nchito adziwa za nthenda yace, pakuti masiku amenewo wanchito ali yense anali wokhoza kutsegula mbiri ya wodwala ali yense. Atanka ku makhoti a m'dziko lace analephera, cifukwa sanathe kuonetsa amene anawerenga. Makina sanali kusunga dzina la wotsegula. Koma m'caka ca 2008 khoti la ufulu wa anthu la ku Ulaya, lokhala mu mzinda wa Strasbourg, linagamula kuti Boma la Finland linalakwa. Linati kungokhala ndi lamulo loletsa kuulula sikukwana. Cipatala ciyenera kuchinga ndithu kuti wosayenera asatsegule, ndi kusunga kaundula woonetsa amene anatsegula.

Mfundo imeneyi njofunika kwambiri m'matauni a ku migodi, kumene kalaliki wa ku cipatala, kapitao wa pa nchito ndi wodwala akhoza kukhala m'komboni imodzi, kupemphera chalichi cimodzi, ndi kumwera pamalo amodzi. Khoswe akakhala pamkhate sapheka. Nkobvuta kuneneza mnansi kapena mlamu. Cifukwa cace makina okonzedwa bwino apatsa wanchito ali yense dzina lace ndi mau ace otsegulira, namuonetsa zokhazo zimene nchito yace ifuna. Wolemba maina pakhomo aona dzina ndi tsiku lobwera, koma zotsatira za magazi saziona. Ndipo ali yense akatsegula mbiri ya munthu, makina alemba dzina lace, tsiku ndi ola. Koma anchito asanu akabwerekana mau otsegulira amodzi, kapena kuwalemba pakapepala ndi kumata pakompyuta, linga lonselo lagwa.

CIFUKWA CACE NKHANIYI IRI YA ONSE

Ena anganene kuti munthu wosacita coipa alibe cobisa. Mau amenewa ngosaganizira bwino. Kudwala si mlandu, koma anthu ena aweruza wodwala ngati wamlandu. Cinsinsi cikatuluka, wina ataya nchito, wina banja, wina salandiridwa pa nyumba ya lendi, ndipo ana ace asekedwa kusukulu.

Cobvuta cacikulu cidza pambuyo pace. Anthu akamva kuti mnzao waululidwa, aleka kunka ku cipatala. Wotsokomola apirira kunyumba, nagula mapiritsi pamsika, ali kupatsira akazi ace, ana ace ndi anzace a m'cikwepe ca mgodi cifuwa ca TB. Wakumwa ma ARV ayenda ulendo wautali kukalandirira ku tauni ina kumene samdziwa, ndipo ndalama ya basi ikasowa adumpha mankhwala. Kacirombo nikayamba kupirira mankhwalawo. Wina apereka dzina labodza, mbiri yace nisokonezeka ndi ya munthu wina. Conco dziko limene silisunga cinsinsi ca odwala litaya ndalama zace pogula mankhwala amene anthu aopa kukatenga.

ZIMENE LAMULO LA ZAMBIA LINENA

M'caka ca 2021 Nyumba ya Malamulo inapanga lamulo lochinjiriza mbiri za anthu, lochedwa Data Protection Act, nambala 3 ya caka cimeneco. Lamuloli linapatula zinthu zina monga zacinsinsi copambana. Mwa izo muli umoyo wa munthu, wa m'thupi ndi wa m'maganizo, zizindikiro za thupi monga zidindo za zala, cipembedzo cace, maganizo ace pa ndale, ndiponso kukhala membala wa bungwe la anchito. Zotere siziloledwa kusonkhanitsidwa kapena kugwiritsidwa nchito mwacisawawa. Pafunika cifukwa cimene lamulo libvomereza, monga kuciza, ndipo ozigwira akhale anthu omangidwa ndi udindo wosunga cinsinsi.

Lamulo lomweli linakhazikitsa ofesi ya Data Protection Commissioner, kumene mabungwe osunga mbiri za anthu ayenera kulembetsa, ndi kumene munthu wolakwiridwa akhoza kukadandaula. Linalamula kuti bungwe likabedwa mbiri liuze ofesi imeneyi asanathe maola 24, ndi kuuzanso eni mbiriwo msanga. Linalamula kuti zacinsinsi copambana zisungidwe m'makina okhala m'dziko la Zambia lomwe. Linapatsanso munthu ufulu wofunsa zimene zalembedwa za iye, wodziwa amene apatsidwa, ndi wouza osungawo kuti akonze zolakwika.

Pambali pa lamulo limeneli pali mabungwe oyang'anira anchito a zaumoyo. Madotolo ndi anzao ali pansi pa Health Professions Council of Zambia, ndipo anamwino ndi azamba ali pansi pa Nursing and Midwifery Council of Zambia. Woulula cinsinsi ca wodwala popanda cifukwa cololedwa akhoza kuitanidwa kumeneko ndi kulangidwa, kufikira kulandidwa cilolezo cogwirira nchito.

WANCHITO NDI BWANA WACE

Kwa anthu a ku migodi nkhaniyi iri ndi mbali yace-yace. Kuyambira zaka za m'ma 1950 anchito a m'migodi akhala ali kupimidwa m'cifuwa ku Kitwe, cifukwa ca silicosis, nthenda imene idza ndi fumbi la miyala lolowa m'mapapo. Lamulo la m'caka ca 2010 linaika nchito imeneyi m'manja mwa Occupational Health and Safety Institute. Kupima kumeneku nkwabwino: kuletsa munthu wa mapapo ofoka kutsikira ku fumbi, ndipo zithunzi za m'cifuwa zosungidwa zaka zambiri ndizo umboni wace pofuna cipukuta misozi. Apa wanchito afuna kuti mbiri yace isungidwe, isatayike konse.

Koma pali malire. Mwambo wa udotolo wa pa nchito ngwakuti bwana auzidwe yankho lokha: munthuyu ali woyenera nchito yakuti, kapena sali woyenera, kapena ayenera kupatsidwa nchito yopepuka. Zina zonse zimene dotolo wapeza nza dotolo ndi wodwala. Bungwe la anchito la dziko lonse lapansi, la ILO, m'cilangizo cace ca nambala 200 ca m'caka ca 2010, linati wanchito asakakamizidwe kupimidwa HIV kapena kuulula za m'magazi mwace. Ndipo lamulo la Zambia la za nchito, la m'caka ca 2019, linaletsa kusankha wanchito cifukwa ca umoyo wace.

Makhoti a m'dziko muno ananenapo kale. M'caka ca 2010 Khoti Lalikulu, litakhala ku Livingstone, linaweruza mlandu wa amuna awiri amene anali kugwira nchito m'gulu la nkhondo la ndege. Iwowa anapimidwa HIV osauzidwa ndiponso osabvomera. Khoti linapeza kuti kutero kunaphwanya ufulu wao wa cinsinsi ndi ulemu wao monga anthu, umene Malamulo Akulu a dziko auchinjiriza, ndipo linalamula kuti alipidwe.

Palinso njira ina yatsopano imene mbiri ya wodwala iyendamo. Lamulo la m'caka ca 2018 linakhazikitsa inshuwalansi ya zaumoyo ya dziko lonse, yoyendetsedwa ndi NHIMA, ndipo m'caka ca 2019 anchito anayamba kudulidwa 1 pa 100 ali yense ya malipiro ao, bwana naonjezapo 1 pa 100 inanso. Kuti cipatala cilipidwe, citumiza kalata yonena amene wacizidwa ndi cithandizo cimene walandira. Motero mbiri ituluka m'cipatala, nifika kwa akalaliki amene sanamuonepo wodwalayo. Akalaliki amenewo nawonso ali pansi pa lamulo la cinsinsi. Ndipo bwana, ngakhale aperekako ndalama, sanagule nazo ufulu wodziwa nthenda ya wanchito wace kapena ya mkazi wace.

PAMENE BOMA LIYENERA KUDZIWA

Cinsinsi ca wodwala ciri ndi malire acenso. Pali nthenda zina zopatsirana msanga zimene lamulo la zaumoyo lilamula kuti cipatala cidziwitse akulu a Boma. Kolera imene inayamba mu Lusaka m'mwezi wa October 2023 inadwalitsa anthu oposa 20,000 m'dziko lonse, nipha oposa 700. Masukulu anacedwa kutsegulidwa, ndipo bwalo la masewera la National Heroes linasanduka cipatala. Pa nthawi yotere a zaumoyo ayenera kudziwa komboni imene odwala acokera, kuti akathire mankhwala m'zitsime ndi kupeza ena amene adwala. Khoti nalonso likhoza kulamula kuti mbiri ionetsedwe pa mlandu.

Komabe nchito zambiri za Boma sizifuna maina. Pogula mankhwala, pomanga zipatala, pofufuza za nthenda, cofunika ndi ciwerengero: odwala angati, a misinkhu yanji, a m'boma liti. Ncifukwa cace akatswiri acotsa maina asanapereke mbiri kwa ofufuza. Koma kucotsa dzina lokha sikukwana. Ku America, m'caka ca 1997, wophunzira wina, Latanya Sweeney, anatenga mbiri za ku cipatala zopanda maina, nazilinganiza ndi kaundula wa oponya voti, napeza mbiri ya bwanamkubwa wa Massachusetts, William Weld. Anagwiritsa nchito zinthu zitatu zokha: tsiku lobadwa, dera lokhalako, ndi kuti munthuyo ndi mwamuna kapena mkazi. M'tauni yaing'ono ya mgodi nkosabvuta koposa. Pakalembedwa kuti mwamuna wa zaka 52, woyendetsa cikwepe pa shafuti yakuti, ali yense adziwa kuti ndi uje. Conco ali yense wopempha mbiri za odwala, kaya ndi wofufuza, kaya kampani, kaya bungwe la kunja lopereka cithandizo, ayenera kunena cimene afunira, kumene adzasungira, ndi tsiku limene adzafafaniza.

CIPATA CIMENE MUNTHU ATSEGULA YEKHA

Cipata cotsiriza ciri m'thumba mwa munthu mwini, ndico foni yace. Ambiri ajambula pepala la zotsatira za magazi ndi kutumiza pa WhatsApp kwa mbale wao, mbaleyo natumiza ku gulu la banja, ndipo pofika madzulo lafika kwa anthu amene wodwala sawadziwa. Ena ajambula mnzao ali gone m'wodi, naika cithunzi pa Facebook popempha mapemphero, osamfunsa mwini wace. Mtima wace ngwabwino, koma cithunzi cimeneco sicibwereranso.

Palinso timapulogramu ta m'foni tofunsa za umoyo wa munthu, tonena kuti ntaulere. M'caka ca 2021 bungwe la Boma la America loyang'anira malonda, la FTC, linaimba mlandu kampani ya Flo, imene pulogramu yace ithandiza akazi kuwerenga masiku ao a kumwezi. Mlandu unali wakuti kampaniyo inalonjeza kusunga cinsinsi, koma inali kupereka zina mwa mbiri za akaziwo ku makampani ena, monga Facebook ndi Google. Pulogramu ya m'foni sinalumbire lumbiro la udotolo, ndipo eni ace kawirikawiri akhala ku dziko kumene wodandaula wa kuno sangafikeko.

ZOYENERA KUCITA

Nkhanga zinapangana kusanapse. Munthu wanzeru sayembekeza kuti cinsinsi cace ciyambe catuluka. Pali zinthu zingapo zimene ali yense akhoza kucita.

Coyamba, asanasaine pepala liri lonse ku cipatala, ku nchito kapena ku inshuwalansi, afunse kuti mbiri yace idzaonedwa ndi yani. Ngati sadziwa Cingerezi, apemphe kuti amfotokozere m'cinenero cace. Kufunsa si mwano.

Caciwiri, asunge khadi yace ya ku cipatala ndi citupa cace monga asunga khadi ya ku banki, osabwereketsa mnzace kuti akalandirire mankhwala. Mnzaceyo akapimidwa m'dzina lace, nthenda ya mnzace idzalembedwa pa iye, ndipo tsiku lina adzapatsidwa mankhwala osayenera.

Cacitatu, atseke foni yace ndi nambala yacinsinsi, makamaka ngati alandirirapo mauthenga a ku cipatala, ndipo poigulitsa kapena poipereka kwa wokonza ayambe wafafaniza za m'katimo. Munthu woimba lamya nanena kuti ali ku cipatala kapena ku inshuwalansi, nafunsa nambala yacinsinsi, asayankhidwe.

Cacinai, akaona kuti cinsinsi cace caululidwa, alembe tsiku, malo, ndi mau amene ananenedwa, nakadandaule kwa mkulu wa cipatala, ndi kupempha kuti aone m'makina amene anatsegula mbiri yace. Akapanda kuthandizidwa, apite ku bungwe loyang'anira madotolo kapena anamwino, kapena ku ofesi ya Data Protection Commissioner. Wa pa mgodi auzenso atsogoleri a bungwe lace la anchito, pakuti iwo akhoza kuika nkhani imeneyi m'mapangano ao ndi kampani, monga aikamo za malipiro ndi za zipewa zocinjiriza mutu.

Cacisanu ndi ca anansi. Amene wamva mwangozi za nthenda ya mnzace, mau amenewo athere mwa iye. Mbala ya pa intaneti ipeza phindu cifukwa idziwa kuti pali anthu okonda kumva ndi kuseka. M'komboni imene wodwala TB kapena HIV alandiridwa monga wodwala malungo, woopseza kuulula alibe cogulitsa.

Boma liri ndi mbali yace: kugula makina olimba, kuphunzitsa anchito, kupatsa ofesi yolonda mbiri anthu ndi ndalama zokwanira, ndi kulanga olakwa poyera, kuti onse aone kuti lamulo liri ndi mano. Koma kuopa kuululidwa kusaletse munthu kunka ku cipatala. Cifuwa ca TB cicizika ndi mankhwala a miyezi 6, ndipo wakumwa ma ARV mokhulupirika akhala ndi moyo wautali, nagwira nchito, nalera ana ace. Wodwala apite, anene zoona zonse kwa dotolo, ndipo afunse molimba mtima za amene adzawerenga mau ace.

Makalata a omvera pa nkhani imeneyi adzalandiridwa, koma olemba asachule dzina la wodwala ali yense.